Chidole Chofukulidwa M'matope

Sukulu imene Malita ankaphunzira, kuseri kwa Chitakale, inali ndi kachitidwe kake kamene makolo ankakatama pamene ana awo akukatukwana chamumtima. Kukhoza masamu, bayoloje ndi Chingerezi kokha sikunkakwana. Mwana wa Fomu 4 ankayeneranso kuonetsa kuti amatha kusoka, kusamala dimba, kuyankhula pagulu mawondo osaombana, ndiponso kuthandiza munthu amene wavulala. Zonsezi amishoni eni sukulu anazimanga mtolo umodzi n'kumapereka satifiketi yawoyawo pambali pa ya boma, ndipo ana anaipatsa dzina loti Mutu ndi Manja. Ukalephera mbali imodzi ndiye kuti walephera zonse, ndipo kubwereza kunalibe. Mphunzitsi wa luso la moyo, a Bizwick, ankakonda kunena kuti dziko lino ladzaza kale ndi mitu yoyenda yokha yopanda manja, iwo sangawonjezerepo wina.

Malita satifiketiyo ankaifuna ndi mtima wake wonse. Wokhoza bwino amishoni ankamutumiza kukaphunzira unamwino. Wolephera, ngati kwawo kunali kumalaini, nyumba za antchito a esiteti ya tiyi, monga Malita, dengu lothyolera tiyi linkamudikirira lili pamsomali. Za m'kalasi anali atazipeta kale, ndipo dimba lake la mpiru a Bizwick ankachita kuitanira alendo. Kunatsala chinthu chimodzi chokha. Mwana aliyense ankayenera kusankha luso limodzi n'kukaphunzitsa anthu akwawo, woyesa mayeso wochokera kunja akuonerera. Anzake anasankha kupanga manyowa, ena kuumba mbaula zosatha nkhuni. Malita anasankha kutsitsimutsa munthu amene wasiya kupuma, ndipo aliyense wodziwa za kwawo sanafunse chifukwa chake.

Chaka cha namondwe wa Freddy, mlongo wake wamkulu, Ganizani, ankalondera pampu ya madzi ya esiteti kumtsinje. Napolo atatsika m'phiri ndi miyala yake anakokolola pampu, kanyumba ka pampu ndi mlonda yemwe. Anthu anakumba m'matope mpaka mipini ya makasu kuthyoka. Ena anawapeza, Ganizani ayi. Amalume a Malita anabwera kuchokera ku Milonde kudzanena zimene akulu amanena zikatere, kuti akwirire thunthu la nthochi m'manda, anthu alire, amete, mitima ikhale pansi. Mayi ake a Malita, a Estele, anangowayang'ana.

“Ine sindinabale nthochi,” anatero, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Chiyambire tsiku limenelo sanagwetse msozi ndi umodzi womwe. Ankapita kothyola tiyi, n'kubwerako, n'kukhala pakhonde maso ali kumtsinje. Kudya kunali kongolawa. Amayi a m'malaini ankanong'onezana pampope kuti maliro osalira amamudya mwini wake m'kati ngati nankafumbwe.

Tsono luso limene Malita anasankhali siliphunzitsika ndi pakamwa pokha, pamafunika chidole. A Bizwick anamutengera kuchipinda chosungiramo katundu wa sukulu n'kuvundukula chinthu chimene chinagona pashelefu ya pansi. Unali mutu, khosi ndi chifuwa cha munthu wamkulu, chopanda manja, chopanda miyendo, maso otseka, kukamwa kuli yasa pang'ono ngati chikufuna kunena kanthu. Ukachidinikiza pachifuwa chinkalira kuti khe, ukachiuzira mpweya m'kamwa chifuwacho chinkatukuka n'kutsika.

“Chinabwera chili choyera ngati mzungu,” anatero a Bizwick akuchisasa fumbi. “Koma nthawi ya Freddy chipinda chino chinadzaza matope mpaka m'mazenera. Tinachita kuchifukula ndi makasu. Tatsuka ndi sopo, takwecha ndi mchenga, chakana. Chinasanduka mnzathu basi.” Anaseka okha. “Uchisamale, n'chimodzi chomwechi. Mayeso ako ndi Loweruka la sabata la mawa, akatha chibwerere pano.”

Malita anachikulunga m'chitenje n'kuimitsa wakabaza. Mnyamatayo atasuzumira m'chitenjemo analumpha ngati waponda moto.

“Achemwali, maliro ine ayi. Njinga n'njabwana iyi.”

Choncho anasenza pamutu, ulendo wapansi kudutsa m'minda ya tiyi. Inali nyengo ya chiperoni, nkhungu itatsika mpaka phiri lonse kusowa, kamvula kowazawaza kakulowa m'mafupa. Amayi othyola tiyi atamuona akutulukira m'nkhunguyo ndi katundu wamutu ndi mapewa, anasiya kucheza n'kupatuka m'njira. Bambo wina wokalamba anavula chipewa. Malita anafuna kufuula kuti ndi chidole chabe, koma anangopitirira, ndipo katunduyo ankamveka ngati akulemerera akamayandikira kwawo.

A Estele anali pakhonde monga mwa masiku onse. Malita potula, chitenje chinamasuka chakumutu, nkhope ija n'kuonekera. Mayiwo anaiyang'ana nthawi yaitali osaphethira.

“Mwamupeza kuti?”

Apa m'pamene Malita analakwitsa, ndipo analakwitsa chifukwa chonena zoona, monga momwe sukulu inamuphunzitsira.

“N'chakusukulu, amayi. Chidole chophunzirira. A Bizwick akuti anachifukula m'matope nthawi ya Freddy, n'chifukwa chake chada chonchi.”

“M'matope.”

“Eya, m'chipinda cha katundu.”

“Sukulu yanu ija si ili kumunsi kwa mtsinje?”

Inalidi kumunsi kwa mtsinje. A Estele anatsika pakhonde n'kugwada. Anatenga nsonga ya chitenje chawo n'kuyamba kupukuta timadontho ta mvula pachipumi pa chidolecho, pang'onopang'ono.

“Manja ndi miyendo zinatsala m'miyala,” anatero motsitsa mawu. “Palibe kanthu, mwanaka. Bola wabwera.”

Mwanaka, mwana wanga, ndi mmene ankamuitanira Ganizani m'Chilomwe cha makolo awo. Malita anali asanalimvenso liwulo chichokereni mlongo wake.

Kutacha, chidole chinali chitagona pamphasa ya Ganizani, chitavala jezi yake ya mpira, bulangete mpaka m'khosi. Ndipo tinene zoona, pakuti nkhani ikakhala yoopsa anthu amakonda kubisa mbali yokoma: a Estele anachira. Anayamba kudya mpaka kupempha zowonjezera. Anapesa tsitsi, anachapa makatani, anazira pakhonde. Kumunda kapitawo anadabwa kuona dengu lawo likudzaza anzawo asanafike ndi pakati pomwe. Madzulo ankasesa akuimba nyimbo za kwaya ya amayi, ndipo tsiku lina anafunsa Malita ngati kusukulu kukuyenda bwino, chinthu chimene anali atasiya kalekale. Malita anasangalala kuwaona mayi ake atabwerera, ndipo kusangalala komweko kunkamuchititsa mantha, chifukwa ankadziwa kuti Loweruka likubwera.

Kuyeserera ankachita mobisa. Mayi akangopita kumunda, ankavula chidolecho jezi, n'kugwada, n'kuyamba kudinikiza ndi kuuzira. Manja ake ankadziwa ntchito. Chimene chinkamuvuta unali mpweya umene chidole chinkabweza chifuwa chikamatsika. Unkanunkha dothi lonyowa, lija la pansi pamtsinje, ndipo unkamukhudza patsaya uli wofunda. Malita ankadziuza kuti ndi mpweya wake womwe ukubwerera, kuti m'mapapo a pulasitiki munatsalira matope, basi. Bayoloje ankaikhoza. Koma nzeru za m'kalasi zimafooka ukakhala wekha m'nyumba nkhungu itatseka zenera, malaini onse ali zii anthu atapita kuntchito.

Tsiku lina atachiveka kale n'kuchifunditsa, akutsuka mbale kuseri kwa nyumba, anamva m'katimo khe. Anaima, madzi akudontha m'manja. Malata amatero akamazizira, anatero mumtima, ndipo sanalowe kukaona.

Madzulo ake a Estele anakhala pambali pa mphasa ija akuyankhula Chilomwe chapansipansi. Ankanena mawu angapo, n'kusiya mpata, n'kumavomera ndi mutu ngati munthu amene akumvetsera. Kenako anatembenuka.

“Malita, mlongo wakoyu akudandaula.”

“Akudandaula chiyani, amayi?”

“Akuti ine ndikachoka iwe umamupsinja nthiti.”

Malita anayang'ana pamphasa paja. Jezi ankaibwezera mmene inalili, bulangete ankalipinda momwe ankalipindira mayi ake, ngakhale mphasa ankaiwongola. Mwina a Rosie oyandikana nawo nyumba anasuzumira pazenera n'kukaulula. Mwina. Malita sanawafunse, poopa kuti angayankhe kuti ayi.

Anali a Rosie omwewo amene anamupeza pampope mawa lake n'kumukokera pambali.

“Iwe mwana, chinthu chijachi chichoke m'nyumbamo. Ana athu akuchita kuzungulira kuseri kwa zimbudzi poopa pakhomo panu. Dzulo amako andiitana, akuti lowani mumupatse moni.”

“Ndiye munalowa?”

“Nanga n'kanatani? Ndinalowa, ndinagwada, ndinapereka moni. Koma mwanawe, pali mmene nkhope ijayo imakhalira ukaionera cham'mbali...” Sanamalize. Anasenza ndowa yawo isanadzaze n'kumapita.

Buku la luso la moyo ndi lokhuthala ndithu. Muli mutu wa kukana abambo agalimoto, mutu wa kusankha ntchito, mutu wa kuthetsa mikangano mwamtendere, zithunzi zake zonse anthu akumwetulira. Koma amene analilemba anaiwala mutu wa mmene ungalandire mayi wako mwana amene Mulungu wamubweza. Malita analingalira zowauza a Bizwick, koma ankawadziwa. Akanabwera ndi anyamata a Fomu 4 kudzatenga katundu wa sukulu, a Estele akukuwa, malaini onse akuonerera, ndipo kuyambira pamenepo mayi ake akanatchedwa amisala mpaka kumanda. Kuchisiya m'nyumba, mayeso alephereka. Kuchichotsa, mayi aphwanyika kachiwiri. Khoswe anali atakhala pamkhate.

Loweruka linafika ndi chiperoni chake, choposa masiku onse. Pabwalo la pampope, pakati pa mizere iwiri ya nyumba za kampani, anthu anasonkhana atadzikuta m'zitenje ndi m'majekete, ena atakhala panjerwa, ena pandowa zovundikira. Ambiri anabwerera mantha omwewo, pakuti munthu chimene akuchiopa amafunanso kuchiona. A Bizwick anafika ndi woyesa mayeso, mayi Hawa Mustafa a ku Nkando, namwino wopuma pantchito, aafupi, atadziphimba mpango wakuda kumutu, kabolodi kolembera kali m'manja. Ana asukulu ankati mayiwa sanasekepo chibadwire, ndipo kulepheretsa mwana kwa iwo kunali ngati kumwa madzi.

“Chidole chili kuti?” anafunsa a Bizwick.

“Ndikukatenga, sala.”

M'nyumba a Estele anali atakhala pansi, msana atatsamira chitseko cha kuchipinda.

“Ndamva zoti mukufuna kumutulutsa. Kunja kukuzizira, sapita.”

Malita anagwada. Anali atakonza mawu monga anawaphunzitsira, kumuyang'ana munthu m'maso n'kunena chimene ukufuna mosapita m'mbali. Atawayang'ana mayi ake m'maso mawu onsewo anasungunuka, m'malo mwake munatuluka ena.

“Amayi, kwabwera anamwino. Inu simunaone kuti achimwene sakupuma bwino? Kusukulu atiphunzitsa kuthandiza munthu kuti ayambenso kupuma. N'chifukwa chake ndimawadinikiza pachifuwa.”

Nkhope ya a Estele inawala mwanjira imene inamuopsa kuposa zonse zam'mbuyomo.

“Ungathe, iweyo?”

“Ndiyesa, amayi.”

“Muluku!” anatero mayiwo, akuitana Mulungu wa makolo awo, manja ali pamutu. “Ndiye umabisiranji?”

Sanalole kuti Malita anyamule. Anachibereka okha kumsana ndi chitenje, mutu wa chidole uli khoba paphewa pawo, n'kutuluka m'nkhungu muja kulunjika pabwalo. Phokoso lonse linatha. A Bizwick ataona katundu wa sukulu ali m'jezi ya mpira kumsana kwa mayi, anatsegula pakamwa, koma a Rosie anawanong'oneza kanthu kukhutu ndipo anatsekanso, nkhope itagwa. Mayi Mustafa anayang'ana a Estele, anayang'ana chidole, anayang'ana Malita. Mphasa itayalidwa, anaona wotchi yawo.

“Yamba.”

Malita anayamba bwino. Anafotokoza kuti ukapeza munthu wamira kapena wagwa, uyambe waona ngati pamalopo palibe chimene chingakuvulaze iwenso. Kenako umugwedeze paphewa ndi kumuitana. Anagwada, anagwira phewa la chidole n'kunena monga ankanenera kusukulu.

“Bambo, mukundimva?”

“Bambo wake uti?” anatero a Estele, amene anali atakhala kumutu kwa mphasa. “Muitane dzina lake.”

Malita anagwiranso phewa lija.

“Achimwene,” anatero. Kenako mokweza, “A Ganizani!”

Dzina limenelo linali lisanatchulidwepo mokweza m'malainimo chichokereni mwini wake. Linatsika m'nkhungu kuloza kumtsinje, anthu ali chete, ndipo chitunda cha tsidya lija chinalibweza mochedwa, ngati munthu amene wazengereza kuyankha. Mayi wina anakokera mwana wake kufupi.

Malita anakweza jezi, anasanjikiza manja pakati pa chifuwa, n'kuyamba kudinikiza akuwerenga mokweza. Khe, khe, khe. Atakwanitsa makumi atatu anapendeketsa mutu wa chidole, anatsina mphuno n'kuuzira kawiri. Chifuwa chinatukuka, gulu lonse linati ii! Azibambo amene anakhala kumbuyo anaimirira. Anabwerezanso, n'kubwerezanso, ndipo ngakhale amene sadziwa kanthu ankaona kuti mwanayo ntchito akuidziwa.

“Zakwana,” anatero mayi Mustafa. “Siya. Tsopano itana mmodzi mwa anthuwa umuphunzitse, ndiye mayeso ake amenewo.”

Malita anachotsa manja. Asanadzuke, a Estele anamugwira pamkono, zala zawo zolimba ndi tiyi zikulowa m'mnofu.

“Usasiye. Ndaona chifuwa chikukwera. Watsala pang'ono, usasiye.”

A Bizwick anawerama n'kunong'ona mwaukali, “Malita, woyesa akati siya umasiya. Ukapitiriza walephera, ndipo ine sindingakuthandize.”

Malita anayang'ana kabolodi ka mayi Mustafa, kenako anayang'ana mayi ake. Anakwiya. Anakwiyira napolo, anakwiyira a Bizwick ndi chidole chawo, anadzikwiyira yekha chifukwa cha bodza lake la m'nyumba lija, limene tsopano linkafuna malipiro. Ankadziwa bwinobwino kuti akabwezeretsa manja pachifuwacho, unamwino wapita. Koma kudzuka pamenepo kunali kuuza mayi ake pamaso pa anthu kuti mwana wawo wamusiya dala afe chifukwa cha mamalikisi. Anabwezeretsa manja.

Khe, khe, khe.

“Ndati siya,” anatero mayi Mustafa kachiwiri. Malita sanadzutse mutu.

Nthawi inapita, ndipo palibe amene anachoka. Kamvula kanakhathamiritsa bulawuzi yake, koma thukuta linkatsika m'maso. Timiyala tinaboola mphasa n'kumulasa m'mawondo. Anasokoneza chiwerengero, anayambiranso, anasokonezanso. M'kamwa mwake munadzaza kukoma kwa matope, ndipo mpweya wobwerera uja unkamufunditsa tsaya kwambiri kuposa kale. Ulendo wina pouzira anamva ngati milomo ya pansi pakeyo yasuntha, ndipo anatseka maso kuti asaone. Mumtima anali atasiya kuchitcha chidole. Dzukani achimwene, ankatero, mwatizunza mokwana. Dzukani, apo ayi pitani.

Mikono itayamba kupindika yokha, anamva chinthu chikugwera pansi. Kanali kabolodi kaja, kali gada m'matope. Mayi Mustafa anali atagwada tsidya lina la mphasa akupinda manja a diresi.

“Manja ako atha mphamvu, sukufikanso pansi,” anatero ndi mawu awo ouma omwe aja. “Ntchito iyi munthu sagwira yekha. Chotsa manja ndilandire, iwe khala kumutu uziuzira.”

Anadinikiza mayi wokalambayo, molimba, milomo ikuyenda ndi pemphero la Chisilamu limene Malita sankalimva. Atatopa anayang'ana a Bizwick, ndipo a Bizwick anagwada ndi buluku lawo losita m'matopemo. Pambuyo pawo panabwera a Rosie.

“Ndionetse poika manja, mwanawe. Ine ndi amene ndinamusambitsa tsiku lobadwa ameneyu.”

Malita anawagwira manja, anawasanjikiza, anawawongola zigongono. “Apa, pakati. Musapinde mikono. Gwiritsani ntchito thupi lonse. Musaope, dinikizani ndithu.” Atachoka a Rosie panabwera kapitawo wa mayi ake, kenako bambo wa kufakitale amene anakumba nawo m'matope chaka chija mpaka zikhatho kusupuka, kenako anzake a Ganizani a timu ya mpira, mmodzimmodzi. Anthu anachita kupanga mzere okha. Aliyense Malita ankamuika manja, kumuwerengera, kumudzudzula akafulumira, iye n'kumauzira. Za mayeso panalibenso amene ankaziganiza, ngakhale mwini wake. Malaini onse anali kuchita chimene analephera kuchita tsiku lija, kugwira thupi la mwana wawo n'kulimbana nalo.

Nkhungu inali itayamba kuda pamene a Estele anasuntha.

“Ndipatseni nane.”

Anthu anapatuka. Malita anatenga manja a mayi ake n'kuwaika pachifuwa paja. A Estele anadinikiza mofooka, chidole osalira n'komwe. Anayesanso kangapo, kenako analeka, anawerama n'kuika khutu pamtima pake. Anamvetsera nthawi yaitali, maso ali tong'o, kamvula kakuwagwera pakhosi.

“Mayi,” anatero mayi Mustafa chapansipansi, “tonse tayesetsa, mwaona nokha. Tikhoza kupitiriza mpaka mawa. Koma wonena kuti basi ndinu.”

A Estele anadzutsa mutu. Anayang'ana anthu onse aja, mawondo awo amatope, manja awo ali lende. Anatsitsa jezi n'kuiwongola bwino pachifuwa.

“Basi,” anatero. “Musiyeni mwana wanga. Watopa.”

Manja onse anali atachoka. Malita anali atakhala pansi pataliko, ndipo panalibe amene ankakhudza ngakhale mphasa. Pabwalo panali zii, moti dontho la pampope linkamveka. Pamenepo chifuwa chija chinatsika chokha, pang'onopang'ono, ndipo m'kamwa munatuluka mpweya wautali, fuuu, umene anaumva ngakhale a kumbuyo. A Bizwick mwina akanatha kufotokoza kuti unali mpweya wotsalira m'mapapo a pulasitiki, koma palibe anawafunsa, ndipo iwonso tsitsi linali litaima.

A Estele anatambasula chikhatho n'kutseka pakamwa paja. Anavula duku lawo, analipinda, analidutsitsa kunsi kwa chibwano n'kumanga mfundo pamwamba pamutu, monga amachitira amayi odziwa mwambo. Atatha anakhala tsonga, anapuma kamodzi, ndipo m'chifuwa mwawo munatuluka mfuu umene unali utatsekeredwa chichokereni Ganizani. Unang'amba nkhungu mpaka kutsidya, ndipo amayi a m'malaini anaulandira onse pamodzi. A Bizwick anayang'ana katundu wa sukulu ali pamphasa, chibwano chomanga, ndipo anavula chipewa.

Malita anakhala pomwepo kakasi. Mayi Mustafa anatola kabolodi kawo, pepala lake litanyowa osawerengekanso, analiyang'ana n'kulipinda. Kenako anamukhudza paphewa.

“Kuchipatala ukaona wekha, kudinikiza si kovuta. Yovuta ndi iyi yayambayi. Dzuka, ukawagwire amako.”

Malita anadzuka mwaulesi ngati nkhalamba, anadutsa pakati pa amayi aja n'kugwada kumbuyo kwa a Estele, n'kuwakumbatira m'chiuno kuti asadzigwetse. Ankafuna kuwauza kuti pepani amayi, limbani mtima, mawu amene namwino amayenera kunena. Koma atatsegula pakamwa munatuluka dzina la mlongo wake, ndipo m'pamene anazindikira kuti nayenso, nthawi yonseyi, anali asanamulire.